Mombo wa Tinalimata

Utsi wa makungwa ukandidutsa pamphuno, ngakhale ukhale wochokera pamoto wa eni ake, ndimangoona agogo aNabanda atawerama pa dzenje lawo lowotcherapo mbiya kuseri kwa nkhokwe, nsalu atamangira m'chifuwa, manja ali psuu ndi katondo, akutembenuza miphika yamoto ndi mitengo iwiri uku akukalipira nkhuku, mphepo ndi aliyense wodutsa pafupi. Makungwa ankathetheka, utsi unkaluma m'maso, ndipo mphika uliwonse ukatuluka pamoto ankauwaza madzi ofiira onyikamo makungwa ena, n'kumveka tswee, nthunzi ili tolotolo. Ukazizira ankaugogoda ndi chala n'kutchera khutu. Ukalira bwino ankavina pang'ono pomwepo, mapazi okhaokha. Ukalira mogontha ankautukwana ngati munthu.

Agogowa anali amayi awo a amayi anga. Tinkakhala mudzi umodzi kufupi ndi Kabudula, m'mphepete mwa dambo la Bua, nyumba yathu ndi yawo zitayang'anana. Anali aafupi, owonda, oyenda ngati asiya ndiwo pamoto. Nthano sankadziwa ngakhale imodzi, ndipo ukawapempha ankati ukafunse anthu opanda ntchito. Ine dzina langa la ubatizo ndi Rozina, koma iwo ankanditchula mkazi mnzanga, monga amachitira agogo ndi adzukulu awo aakazi, ndipo ankandinamizira tsiku ndi tsiku kuti ndikufuna kuwalanda amuna awo, amene anali atamwalira ine ndisanabadwe. Ndinkawakonda koopsa, ndipo ndinkawatsatira kulikonse ngati kamwana ka mbuzi.

Pakati pa dambolo, pamene madzi amagawikana n'kukakumananso kumunsi, panali kachilumba. Sikanali kakakulu. Munthu akafuula mbali ino, wa mbali inayo ankamva bwinobwino. Moto wolusa umene unkatentha tchire chaka ndi chaka sunkawoloka madzi, choncho mitengo ya pamenepo inali yakalekale: mikuyu, akatope, mibawa, ndi mimombo ingapo pamwamba pa chulu. Ukalowamo kuchokera padzuwa unkamva kuzizira m'mapewa, fungo la masamba owola ndi nkhuyu zakugwa, ndiponso phokoso la mbalame zosaoneka. Kumeneko ndiko kunali mtapo wa agogo, dzenje lokumbamo dothi loumbira, limene anawasiyira amayi awo. Makungwa owotchera miphika ankatolanso komweko.

Tsiku loyamba kupita nawo ndinaseka mpaka kukhala pansi. Asanasende khungwa pa mtengo wouma, agogo anaugogoda ndi mpini wa khasu n'kufuula kuti, "Odi! Odi eni nyumba! Kwabwera alendo oipa, tulukani!"

"Agogo, mukuodira mtengo?"

"Tseka pakamwa, tsegula maso," anatero.

Ndinayang'ana. Khungwa lija linayamba ngati likuyenda. M'ming'alu munatuluka timitu, kenako tinalimata tating'onoting'ono, totalika ngati kachala kanga kakumapeto, totuwa ngati khungwa lomwelo, tili ndi kamzere koyera m'nthiti ndi kukhosi kwachikasu. Tinathamangira kumwamba, tina n'kuima n'kumatisuzumira. Agogo anadikira mpaka tonse titachoka, ndiye anasenda khungwa lawo.

Kuyambira pamenepo ndinkapita pachilumba chifukwa cha tinalimata, dothi ndinkangonyamula poopa kukalipiridwa. Sitinali ngati analimata a m'nyumba aja otuluka dzuwa likalowa. Iti tinkayenda masana, kuwothera dzuwa pamene kuwala kwaboola masamba. Ukakayandikira kamodzi, sikankathawa kutali, kankangozungulira kuseri kwa thunthu, iwe ukazungulira nakonso n'kuzungulira, mpaka chizungulire chikugwire iweyo. Tinkayenda chadodolido kunsi kwa nthambi osagwa, chifukwa zala zake zimamata, ndipo agogo anandionetsa kuti ngakhale nsonga ya mchira imamatanso. Tinkadya nyerere, chiswe ndi tintchentche tobwera pa nkhuyu zowola. Maso ake satsinzina, ndiye fumbi likalowa kamatulutsa lilime n'kunyambita diso, ili kenako linalo. Zimenezi zinkandiseketsa nthawi zonse, moti ndinayesapo kunyambita langa, agogo n'kunena kuti ndikapitiriza ndidzakwatiwa ndi gulo.

Ankatidziwa ngati anthu a m'mudzi. Mtengo uliwonse, ankatero, uli ndi tambala wake mmodzi ndi akazi angapo, ndipo mwamuna wina akakwera mtengo wa mnzake, awiriwo amatukumula kukhosi, kugwedeza michira ndi kukankhana mpaka wina agwe. Tsiku lina tinaona kena kakufundula, kakudzisenda khungu lakale ndi pakamwa n'kumalidya. "Waona? Sikataya kanthu. Osati amayi ako, otaya mkute," anatero agogo. Tsiku linanso mbalame inakatola kena, n'kutsala ndi mchira wokha ukuphiriphitha kukamwa, mwini wake atalowa kale m'mng'alu. Ndinalira, koma agogo anati mchira umameranso, kungoti watsopanowo sufanana mtundu ndi thupi, umakhala ngati chigamba.

Pamwamba pa chulu panali mombo waukulu wouma chiimire. Mtengo umenewo agogo sankausenda, ngakhale makungwa ake anali atafunduka okha, abwino kwambiri kuwotchera. Anandikweza pa muzu n'kutsegula pang'ono khungwa limodzi kuti ndisuzumire. M'katimo munali mazira, oyera, olimba chikamba, aang'ono ngati nandolo, ogwirana awiriawiri. Anali ambiri, ena omatirira ku khungwa, ena ogona m'fumbi la nkhuni. Agogo anati mkazi aliyense amaikira awiri okha, koma akazi a pachilumba chonse amakonda kudzaikira pamodzi mu mombo umenewu chifukwa ndi wouma ndiponso wofunda, kenako amachoka osawafungatira. "Muno ndi m'chikuta mwawo," ananong'ona. Aka kanali koyamba kuwamva agogo akunong'ona.

Tsopano ndinene za atate. Anali mkamwini wochokera cha ku Kasiya, munthu wamtali, wamphamvu, woimba ndi mawu aakulu kutchalitchi. Njoka sankaiopa, ng'ombe yolusa ankaigwira nyanga. Koma nalimata! Kwawo anakula akumva kuti nalimata akakugwera pathupi khungu limatuwa n'kuyamba kusupuka, ndipo palibe amene akanawachotsa zimenezo m'mutu. Akamuona pakhoma ankatuluka m'nyumba mwaulemu ngati aitanidwa panja, amayi n'kutsala akumupirikitsa ndi tsache.

Ndiponso atate ndi agogo sankalankhulana. Sikuti anayambana ayi, unali mwambo. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira wina ankapatukira kutchire. Pakakhala nkhani ankatuma mwana. Pakhomo pathu mwanayo ndinali ine, ndipo miyendo yanga inaidziwa ntchito.

Chaka chimene ndikunenachi, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija isanayambe, atate analima fodya wa chikopa koyamba. Fodya ameneyu amaumitsa ndi utsi. Masamba amawapachika m'balani, pansi n'kukumba maenje oikamo zikuni zonyeka pang'onopang'ono, ndipo moto usazime mpaka masamba atada bwino. Fodya anabereka, masamba aakulu ngati a nthochi, anthu odutsa n'kumaima kuyamikira. Koma atate, pokhala achilendo pa ntchitoyi, nkhuni zawo anaziunjika pabwalo osafolera. Atangopachika masamba kunagwa mvumbi wosalekeza. Nkhuni zonse zinamwa madzi, ukaziika pamoto zinkangolira thovu n'kuzima. Kutchire chilichonse chogona pansi chinali chonyowa, ndipo anansi nawonso ankasunga zawo ngati mchere. M'balani munayamba kumveka kafungo koipa, ndipo masamba akumunsi anayamba kuchita chuku.

Ndinawamva atate akuuza amayi m'mawa wina kuti fodyayu akaola, basi, iwo anyamuka ulendo wa ku Halale kukafuna ntchito. Ndinkadziwa tanthauzo lake. M'mudzi mwathu munali ana angapo amene atate awo anapita ku Halale, ndipo ena mwa anawo nkhope za atate awo sankazikumbuka.

Mtengo wouma chiimire, waukulu woti n'kusunga moto mpaka fodya atapsa, unalipo umodzi wokha, ndipo tonse tinkaudziwa. Atate anakhala pakhonde pathu atafulatira. Agogo anali pakhonde pawo akusalaza mphika ndi kamwala, nawonso atafulatira. Aliyense ankamva ngakhale kutsokomola kwa mnzake, koma mwambo ndi mwambo.

"Rozina," anatero atate, "pita ukawauze agogo ako kuti ndagwira mwendo. Fodya akuola. Andibwereke mombo wouma uja wa pachilumba."

Ndinadutsa pabwalo mvula ikundiwaza, ndinagwada, n'kunena.

"Ndiwabwereke?" anatero agogo osacheuka. "Kawafunse atate ako ngati adzabweze phulusa."

Ndinabwerera. Atate anakanda m'mutu. "Kawauze kuti pakamwa panaterereka. Andipatse."

"Kawauze kuti mtengowo si wanga. Uli ndi eni ake, ndipo eni akewo ali ndi mazira m'menemo."

Atate anayang'ana madzi akudontha kudenga. Kenako anati, motsitsa mawu, "Kawauze kuti nanenso ndili ndi ana."

Mawu amenewo sindinawafikitse. Ndinaima pakati pa bwalo, m'matope, n'kuyamba kulira mokweza ngati mbuzi yomangidwa.

"Iwe mkazi mnzanga, wafa ndani?" anafuula agogo. "Tabwera kuno."

"Sindikufuna atate apite ku Halale," ndinatero mamina ali chuchuchu. "Sindikufunanso mazira apse."

"Ndiye ukufuna zonse ziwiri, eti? Dyera lakelo ngati la agogo ako aamuna." Anandipukuta kumaso ndi nsalu yawo yonunkha dothi, anatapa fodya wawo wamphuno, anayetsemula, n'kukhala kaye akuganiza. "Chabwino. Kawauze atate ako kuti mtengo atenge. Koma eni ake asamuke kaye, ndi mazira omwe, ngakhale limodzi lisapite pamoto. Ndipo wowasamutsa akhale iwowo, ndi manja awo. Ine ndine wamfupi, pamwamba sindifika."

Nditafikitsa uthengawo atate anayang'ana zikhatho zawo ngati akutsanzikana nazo. "Kawafunse ngati amalume ako sangathe."

"Kawauze kuti fodya si wa amalume ako," anayankha agogo ndisananyamuke n'komwe. Kuseri kwa nkhokwe ndinaona amayi ataluma nsalu, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Tinawoloka m'mawa mwake kukuwaza kamvula. Agogo anali patsogolo, madzi ali m'chifuwa, pamutu atasenza phale la mbiya yosweka lodzaza mchenga wouma, atalivundikira ndi tsamba la nthochi. Ine ndinali paphewa pa atate. Pambuyo pankabwera amalume anga aYohane ndi nkhwangwa ziwiri ndi mtolo wa luzi. Titafika pa chulu, agogo anayamba kulamula atayang'ana kumbali, ine n'kumabwereza, ngakhale atate anali pomwepo. Choyamba anadulitsa mitengo iwiri yaitali n'kuitsamiritsa kuchokera pa mombo kukafika pa katope wamoyo woyandikana nawo, kuti eni nyumba apeze mlatho.

"Tsopano uwauze aodire."

Atate anatenga mpini, anayang'ana amalume, anagogoda pang'ono. "Odi," anatero, ngati munthu wodzapempha moto.

"Uwauze kuti sanamve. Kutchalitchi amaimba bwanji?"

Atate anakoka mpweya. "Odi eni nyumba! Kwabwera alendo oipa!" Mbalame zinabalalika pachilumba chonse, amalume anagwira pamimba. Koma tinalimata tinatuluka, tambirimbiri, kuposa tonse ndinationapo, tina kuthamangira pa mlatho uja, tina kudumphira m'masamba, tina kukwera pamwamba n'kuima kuti tione kaye. Atate anabwerera m'mbuyo, milomo ikuyenda. Ndikhulupirira kuti ankapemphera.

Ntchito yake inali yapang'onopang'ono. Atate ankalowetsa mpeni kunsi kwa khungwa, n'kulifundula lonse lathunthu, mazira omatirira ali momwemo, n'kukalimangirira ndi luzi pa katope, mbali yosafika mvula, litaima monga linaimira pa mombo. Mazira ogona m'fumbi inali ntchito yanga, chifukwa zala zanga zinali zazing'ono. Agogo anandipatsa kaudzu ndi katondo wonyowa kuti ndizidontheza kadontho pamwamba pa dzira lililonse ndisanalitole, ndipo poliika mumchenga wa m'phale kadonthoko kayang'anebe kumwamba. "Ukalitembenuza, mwana ali m'katimo amamira," anatero. Ndinkagwira mpweya dzira lililonse.

Makungwa akumunsi atatha, atate anakwera pa chitsa kuti afike apamwamba. Anafundula chikhungwa chachikulu, chotalika ngati chitseko, m'kati mwake muli mazira mizeremizere, n'kuchigwira ndi manja onse awiri pamwamba pa mutu. Pomwepo kanalimata kena kamene kanakana kusamuka kanadumpha kuchokera kumwamba n'kugwera m'khosi mwa malaya awo.

Sindidzaiwala. Atate anauma thupi lonse. Maso anatuluka. Kanalimata kankayenda kumsana kwawo, ife n'kumaona malaya akutukuka apa ndi apo. Munthu wina aliyense akanaponya chikhungwacho kutali n'kudzigudubuza pansi. Iwo anatsika pa chitsa mwendo umodziumodzi, manja ali m'mwamba, anatembenuka, n'kuyang'ana apongozi awo m'maso mwenimweni.

"Amayi! Amayi inu! Chotseni! Mayo ine, chotseni msanga! Sindingasiye, muli mazira!"

Agogo sanaganize kawiri. Anathamanga, anadumphira pa muzu kuti atalike, analowetsa dzanja m'malaya mwa mkamwini wawo mpaka m'chigongono, anafufuza, n'kutulutsa kanalimata kali m'chikhatho. Mchira wake unatsala pa kolala ukuphiriphitha, ndipo atate ankauyang'ana chammbali akulira ngati mwana woona singano. Agogo anauchotsa ndi chala, n'kukaika mwini wake pa katope.

Kenako tonse tinazindikira nthawi imodzi chimene chachitika. Amalume anayamba kuyang'ana kumwamba ngati kukudutsa chinthu chofunika kwambiri. Ine ndinaphimba kumaso ndi manja, n'kumasuzumira pakati pa zala. Agogo anaima pomwepo, akuwayang'ana atate kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, mosafulumira, ngati akuyesa mphika ngati uli ndi mng'alu.

"Kodi nkhope yake ndi imeneyi?" anatero. "Mwana wanga anasankha bwino. Ine zaka zonsezi ndimangodziwa nkhongo."

Amalume anaphulika kuseka mpaka kugwa m'matope. Agogo anaseka misozi ili mbwembwembwe. Atate, chikhungwa chikadali m'mwamba, anayesa kuugwira mtima, koma nawonso anagonja, ndipo kuseka kwawo kunamveka mpaka kumudzi. Atachitsitsa, agogo anasuzumira m'kati n'kuona kuti palibe dzira lagwa. "Mwagwira bwino, akamwini," anatero, osadzeranso mwa ine. Ntchito yanga ya utumiki inathera pomwepo.

Mombo unagwa dzuwa litapendeka. Phale la mazira agogo analiika m'phanga la mizu ya mkuyu, n'kulivundikira ndi chigoba cha mtsuko chobowoka m'mbali kuti ana akaswa apeze potulukira. Zikuni anaziwolotsa pamutu, anthu a m'mudzi atabwera kudzathandiza, makamaka pofuna kumva bwino nkhani ya malaya. Madzulo ake utsi wabuluu unayamba kutuluka m'denga la balani, wosadukiza, ndipo fungo loipa lija linatha m'masiku ochepa. Masamba akumunsi ena anatayika, koma ambiri anada bwino, onyezimira, ofewa ngati chikopa chofufuta. Atate sanapite ku Halale, chaka chimenecho kapena china chilichonse.

Za mwambo uja akuluakulu a banja anakambirana, n'kunena kuti zachitika zachitika, dzanja lalowa kale m'malaya. Atate anapha tambala wawo wamkulu, amayi anaphika, ndipo mkamwini ndi apongozi anadyera mbale imodzi anthu akuona, manyazi n'kuthera pomwepo. Chimene sitinkadziwa n'chakuti anthu awiriwa anali ndi nkhani zosungira zaka zambiri. Kuyambira tsiku limenelo ankangokhalira kucheza ndi kukangana, za mvula, za mbuzi, za kamangidwe ka nkhokwe, mpaka amayi ankadandaula kuti kale kunali mtendere. M'mawa uliwonse atate ankavula malaya n'kuuza amayi kuti awaone kumsana ngati khungu layamba kusupuka, ndipo agogo ankafuula ali pakhonde pawo kuti, "Likadalipo khungu, akamwini? Likasupuka musataye, ndikufuna kukunga ng'oma!"

Koma ine mtima sunakhale pansi. Ndinkafunsa za mazira mpaka agogo kutopa nane. Anandiuza zoona, kuti sakudziwa. Sanasamutsepo mazira a nalimata chibadwire, ndipo mwina kugwedezeka kuja ndi kuzizira kwa pansi pa mkuyu kunawapha onse. Ananena zimenezi osaseka, ndipo ndinaona kuti nawonso zinkawadya mumtima. Mtengo anaupereka ndi iwo, ndipo chikuta chija chinali chitasanduka phulusa m'balani mwathu.

Mvula inatha, madzi a padambo anatsika kufika m'mawondo, chimanga chinayamba kuuma m'minda. M'mawa wina wozizira agogo anati tikayambe kukumba dothi. Titawoloka tinaona mapazi m'matope, aakulu, ena atsopano ena akale, onse olowera ku mkuyu. Agogo anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Tinayenda monyang'ama, ndipo tinapeza atate, amene anatsanzika kunyumba kuti akukasenda luzi, atagwada pa mizu ya mkuyu, chigoba chija atachiika pambali, nkhope ili pafupi ndi phale.

Sanachite manyazi n'komwe. Anangokweza dzanja. "Amayi, bwerani pang'onopang'ono," ananong'ona. "Ayamba kuswa dzana. Onani aka."

Tinagwada tonse atatu, mitu itagundana. Mumchenga munali zikamba zambiri zobowoka, zopanda kanthu, kadontho kanga ka katondo kakadali pamwamba. Mazira angapo anali atasanduka achikasu, akufa. Koma limodzi linali ndi mng'alu, ndipo likugwedezeka. Tinadikira, mawondo akuwawa, udzudzu ukutiluma, palibe woupha. Kachikamba kanatukuka, panatuluka kamphuno, kenako kamutu konyowa kokhala ngati maso okhaokha. Kanapuma. Kenako kanadzikoka konse n'kutuluka, kanalimata kathunthu, zala zake zonse, kamzere kake m'nthiti, koma kochepa moti kakanagona pa chikhadabo cha atate mchira wokha n'kulendewera. Kanaima pamchenga, kanatulutsa lilime, n'kunyambita diso.

Dzanja la atate linali litatsamira m'mphepete mwa phale. Kanalimata kaja kanayenda, kanafika pa chala chawo chachikulu, n'kukwera. Ndinaona tsitsi la pamkono pawo likuimirira. Sanasunthe.

"Kodi kakudziwa kuti ndine ndinagwetsa nyumba yawo?" anafunsa.

"Kakudziwa dzanja limene linakanyamula," anatero agogo. "Kaikeni pamtengo, akamwini, kali ndi njala."

Atate anaimirira mosamala ngati anyamula mkaka wodzaza chikho, anakagunditsa chala pa katope, kanthu kaja n'kutsika, n'kuzungulira kuseri kwa thunthu monga amachitira akuluakulu ake. Pa makungwa omangirira aja panali tina tambiri tofanana nako, tikuwothera dzuwa. Agogo anayang'ana, anayang'ananso, kenako anaponya khasu pansi n'kuyamba kuvina kavinidwe kawo ka mphika wolira bwino, mapazi okhaokha, m'masamba owola. Ine ndinalowa m'bwalo. Atate ankaomba m'manja n'kumaimba ndi mawu awo a kutchalitchi nyimbo yopanda mutu, yongopeka pomwepo. Pa moyo wanga ndavinapo pa maukwati ambiri, koma sindinasangalalepo kuposa m'mawa umenewo.

Chaka chotsatira atate anamanga chisakasa cha nkhuni mvula isanayambe, ndipo chikuni chilichonse, chisanalowe m'balani, ankachigogoda ndi kuchiodira, anthu aseke asaseke. Agogo anakhala zaka zina zambiri akuumba ndi kukalipa. Atamwalira, anyamata anabweretsa nkhuni za pamaliro n'kuziunjika pabwalo. Ndinaona atate, imvi zili mbuu, akuchoka pamene panakhala amuna, atatenga mpini wa khasu la agogo. Anagogoda chikuni chimodzichimodzi mpaka mulu wonse kutha, akunena motsitsa kuti, "Odi eni nyumba, odi." Tsiku limenelo palibe anaseka.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene analili agogo nthawi imeneyo, ndipo kuumba ndinalephera, miphika yanga yonse inkalira mogontha. Chimene ndinatengako ndi mpini. Nkhuni zikabwera pakhomo panga, kaya zogula kaya zotola, palibe chikuni chimapita pamoto ndisanachigogode. Adzukulu anga amaseka mpaka kukhala pansi, n'kumafunsa kuti, "Agogo, mukuodira nkhuni?" Ndimawauza kuti atseke pakamwa, atsegule maso. Nthawi zambiri simutuluka kanthu, ndipo amandiseka kawiri. Koma mwezi wathawu, m'mng'alu wa chikuni china munatuluka kamutu kotuwa, kanatiyang'ana tonse, n'kunyambita diso. Kamdzukulu kanga kakang'ono, kamene kamaseka kwambiri kuposa onse, kanandilanda mpini m'manja n'kupita kukagogoda chikuni chotsatira.